Ochepa Amene Anali Ambiri

M'chaka cha 1973 anthu akuda anali oposa theka la anthu onse okhala mumzinda wa Atlanta, m'chigawo cha Georgia, kummwera kwa dziko la America. Ankakhoma misonkho monga wina aliyense, ankalipira madzi a m'mipope ya khonsolo, ndipo tsiku ndi tsiku ankaponda misewu imene khonsoloyo inkalemba makontirakitala kuti aithire phula. Koma pa madola 100 alionse amene khonsolo inkalipira eni mabizinesi chifukwa choigwirira ntchito kapena kuigulitsa katundu, zopita m'thumba la munthu wakuda sizinkakwana ndi dola imodzi yomwe. M'zikalata za boma anthu amenewa ankalembedwa ndi liwu la Chingerezi lakuti minority, lomwe omasulira ambiri amangoti "ochepa".

Ochepa pa chiyani? Powerenga mitu, ochepa mu Atlanta anali azungu. Liwulo linachokera ku chiwerengero cha dziko lonse, kumene anthu akuda anali pafupifupi 11 pa anthu 100 alionse, ndipo litalowa mumzinda linapitiriza kugwira ntchito ngakhale masamu ake anali atasweka. Chimene linkawerenga kwenikweni si mitu ya anthu ayi, koma manja ofika m'mbale. Chichewa chili ndi mawu amene akanalasa bwino pa nkhaniyi: osalidwa, omanidwa, otsekeredwa kunja. Vuto la mawu oterewa pamaso pa wolemba malamulo ndi mchira wawo uja wa -idwa kapena -edwa, umene umasiya funso lili lende: wosalayo ndani, womanayo ndani, wotseka chitsekoyo ndani? Liwu lakuti "ochepa" silipatsa munthu mlandu. Limamveka ngati nkhani ya chilengedwe, monga kunena kuti chaka chino mvula yachepa. N'chifukwa chake boma linalikonda, ndipo n'chifukwa chakenso, patapita zaka, linalephera kunyamula katundu amene linasenzetsedwa.

Sikuti anthu akuda a ku Atlanta sankadziwa malonda. A Alonzo Herndon anabadwira mu ukapolo m'chaka cha 1858, nayamba ndi lumo la ometa tsitsi, ndipo mu 1905 anakhazikitsa kampani ya inshuwalansi imene inadzatchedwa Atlanta Life. Banki ya Citizens Trust inatsegulidwa mu 1921. Mu 1956 magazini ya Fortune inatchula msewu wa Auburn Avenue kuti unali wolemera kuposa misewu yonse ya anthu akuda. Koma chuma chimenechi chinakulira mkati mwa mpanda wa tsankho: wakuda kugulitsa kwa wakuda, kumuika m'manda, kumubwereka ndalama, kumumangira kanyumba. Msewu waukulu wa magalimoto utadula pakati pa deralo, ndipo malamulo a tsankho atayamba kugwa m'zaka za m'ma 1960, ogula anabalalika kupita ku masitolo amene kale sankaloledwa kulowamo. Ntchito zikuluzikulu za khonsolo, za milatho, mipope ndi nyumba zosanja, sizinalowepo mumpandamo chiyambire.

Ntchito za boma zili ndi chitseko chimene anthu wamba sachiona. Kontirakitala asanapatsidwe ntchito yaikulu amayenera kubweretsa chikalata chochokera ku kampani ya inshuwalansi, cholonjeza kuti iye akalephera kumaliza, kampaniyo idzalipira kuti ntchito ithe. Kampani ya inshuwalansi isanalembe chikalatacho imafunsa kuti munthuyo anamangapo chiyani cha msinkhu umenewo, ali ndi chikole chotani, ndipo banki yake imamudziwa bwanji. Banki nayo imafuna kuona kontirakiti isanapereke ngongole yogulira simenti ndi kulipira amisiri. Khonsolo imafuna chikalata cha inshuwalansi isanapereke kontirakiti. Mmisiri amene bambo ake sanaloledwe kumanga chachikulu amakhala ngati mbuzi yapachingwe, imene imayenda tsiku lonse koma osatalikira chikhomo. Pamwamba pa izi, ogulitsa zitsulo ndi matabwa amatsitsira mtengo anthu amene akhala akugula kwa iwo zaka zambiri, ndipo mbiri yakuti khonsolo ikuganiza zomanga chakutichakuti imayamba kumveka pa chakudya chamasana m'makalabu amene munthu wakuda ankalowamo ngati woperekera mbale basi. M'dongosolo lotereli palibe amene amafunika kutsegula pakamwa n'kunena kuti wakukana chifukwa cha khungu. Foni imangokhala osalira.

Boma lalikulu la ku Washington linali litayamba kale kuyesako. Mu Marichi 1969 Pulezidenti Richard Nixon anakhazikitsa ofesi yotchedwa Office of Minority Business Enterprise, imene mu 1979 inasintha dzina kukhala Minority Business Development Agency. Ntchito yake yaikulu inali kulangiza ndi kulumikiza anthu ndi mabanki. Uphungu ndi wabwino, koma mbuzi yapachingwe siisowa woiuza kumene kuli msipu.

Amene anagwira chingwe chenichenicho anali a Maynard Jackson, amene anapambana chisankho cha umeya wa Atlanta mu 1973 ali ndi zaka 35, munthu wakuda woyamba kukhala pampandowo. Anachokera m'banja lodziwa zitseko. Mayi awo, a Irene Dobbs Jackson, anali mphunzitsi wa Chifalansa pa koleji ya Spelman, ndipo ngakhale anali ndi digiri ya udokotala yochokera ku Toulouse ku France, zinatengera kulimba mtima kuti mu 1959 akhale munthu wakuda woyamba kulandira khadi lobwerekera mabuku ku laibulale yaikulu ya mzindawo. Agogo awo a John Wesley Dobbs, amene anagwira ntchito yosankha makalata m'sitima zapamtunda, ankaphunzitsa kuti ufulu wa munthu wakuda uli pa zinthu zitatu: buku, voti ndi ndalama. M'Chingerezi chawo mawu atatuwa onse ankayamba ndi lemba la b, ndipo mwina n'chifukwa chake chiphunzitsocho sichinaiwalike. Buku linali litapezeka m'banjamo, voti inali itabala umeya. Chotsala chinali chachitatu.

Mwayi unali pa bwalo la ndege. Atlanta inkafuna kumanga malo atsopano ofikira ndi kunyamukira apaulendo, ntchito ya madola pafupifupi 500 miliyoni, yaikulu kuposa ina iliyonse imene mzindawo unagwirapo. A Jackson analamula kuti kotala la ntchitoyo lipite kwa makampani a anthu "ochepa" aja, ndipo kampani yaikulu ya azungu yofuna kontirakiti inayenera kupeza mnzake wakuda woti agwire naye monga eni ake awiri, kugawana phindu, kugawananso mavuto. Akuluakulu a zamalonda anakwiya. Anati makampani oterowo kulibe, anati ntchito ichedwa, anati mtengo ukwera, anati uku n'kusala azungu. Zimakambidwa mpaka lero kuti meyayo anawayankha kuti ngati zili choncho, kuli bwino pamalopo pamere udzu. Ntchito inaima kaye, ndipo amene anatopa msanga ndi kudikira anali omwe ankayembekezera phindu. Mabanki osunga ndalama za khonsolo nawo anauzidwa kuti akapanda kukweza anthu akuda pa maudindo, ndalamazo zisamukira kwina. Amene ankaonetsetsa kuti lamulo likutsatidwa pa kontirakiti iliyonse anali mayi Emma Darnell, munthu wosanyengerera, amene adani ake anachuluka mpaka a Jackson eni ake anawachotsa ntchito mu 1977.

Ntchito yomanga inayamba mu 1977 ndipo malowo anatsegulidwa mu Seputembala 1980, pa nthawi yake, osapyola ndalama zimene zinaikidwa. Pofika 1978 gawo la makontirakiti a khonsolo lopita kwa makampani a anthu akuda ndi magulu ena linali litakwera kuchoka pa dola yosakwana ija kufika pa madola pafupifupi 39 pa 100 alionse. Makampani amene ankati kulibe anapezeka kuti alipo.

Chofunika kuzindikira apa n'chakuti khonsolo sinagawe ndalama. Sinakhazikitse thumba la ngongole zofewa, sinaitane anthu ku misonkhano yophunzitsa kulemba mabuku a ndalama. Inangosintha kumene imagula zinthu zimene inkayenera kugula kale. Ndipo chimene kontirakitala wakuda anatuluka nacho pa bwalo la ndege, choposa phindu la chaka chimenecho, chinali mzere umodzi pa pepala: ndinamanga nawo chakuti, cha madola akuti, ndipo chinatha. Mzere umenewu ndi umene kampani ya inshuwalansi inkafunsa. A Herman Russell ndi chitsanzo chodziwika. Anabadwa mu 1930, mwana wa mmisiri wopaka pulasitala, naphunzira zomangamanga ku Tuskegee, ndipo anatenga bizinesi ya bambo awo mu 1957. A Jackson asanalowe pampando, a Russell anali kale munthu wolemera ndi nyumba za lendi. Lamulo silinawaphunzitse kugwira chipande. Chimene linachita ndi kuwalowetsa m'gulu la omanga zazikulu, ndipo kampani yawo inadzamanga nawo bwalo la masewero la Georgia Dome ndi bwalo la mpikisano wa Olympics wa 1996.

Chitsanzo chomwechi chikuonetsanso malire a chithandizo chotere. Chimafika msanga kwa amene ali kale pafupi ndi chitseko. Ndipo pamene pali lamulo lakuti kontirakiti ikhale ndi dzina la munthu wakuda, pamabadwa malonda atsopano, malonda obwereketsa dzina. Mwini weniweni amakhala kuseri, wobwereketsa dzinayo amasaina, nalandira kangachepe, osagwira fosholo, osaphunzira kanthu, ndipo mzere uja wa pa pepala umakhala bodza. M'zaka za m'ma 1990 akuluakulu ena a khonsolo ndi eni mabizinesi anapezeka olakwa pa milandu ya ziphuphu zokhudza masitolo a pabwalo la ndege lomwelo. Owerenga a kummwera kwa Africa sangadabwe nazo. Dziko la South Africa, kumene otsekeredwa kunja anali ambiri a dziko lonse kotero kuti liwu lakuti "ochepa" silikanagwira ndi pang'ono pomwe, linakhazikitsa lamulo lotukula anthu akuda pa chuma mu 2003, ndipo mu 2013 linakakamizika kuonjezera kuti kubwereketsa dzina ndi mlandu wokhalira kundende mpaka zaka 10. Walira mvula walira matope.

Panalinso ena amene chithandizochi sichinawaone n'komwe. Mu Marichi 1977, chaka chomwe makasu anayamba kukumba pa bwalo la ndege, ogwira ntchito yotola zinyalala mu Atlanta, ambiri mwa iwo anthu akuda, ananyanyala ntchito pofuna kuti malipiro awo akwere ndi masenti 50 pa ola. A Jackson anati khonsolo ilibe ndalama, ndipo anachotsa ntchito anthu oposa 900. Pakati pa amene anaima kumbali ya meya panali abusa a Martin Luther King Sr., bambo a munthu amene anaphedwa ku Memphis mu 1968 atapita kukathandiza otola zinyalala a kumeneko. Ambiri mwa ochotsedwawo anadzabwerera pantchito, koma sitiraka inali itathyoka msana. Meya yemweyo amene analimba mtima kuopseza mabanki ndi makontirakitala sanapeze masenti 50. Liwu limodzi lija linkaphimba a Russell ndi wotola zinyalala pamodzi, ngati kuti njala yawo inali imodzi.

Chimene chinachitika ku Atlanta chinakopa mizinda ina, ndipo Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse nayo inatsata njira yomweyo. Mu 1977 phungu wakuda wa ku Baltimore, a Parren Mitchell, anaonjezetsa ndime m'lamulo la ntchito zachitukuko za madola 4 biliyoni, yakuti madola 10 pa 100 alionse apite kwa makampani a anthu "ochepa". Apa panafunika kumasulira liwulo, ndipo lamulo linalemba mndandanda: anthu akuda, olankhula Chisipanishi, a kum'mawa, eni nthaka amene azungu ankawatcha Indians, a mtundu umene nthawi imeneyo unkatchedwa Eskimo, ndi a mtundu wa Aleut. Mndandandawu ndi wodabwitsa kuuyang'anitsitsa. Gulu loyamba lasankhidwa ndi khungu, lachiwiri ndi chiyankhulo, lachitatu ndi kotulukira dzuwa, otsalawo ndi mayina a mitundu. Wophunzira akanasanja zinthu motere m'kalasi, mphunzitsi akanamubwezera pepala. Komabe pa dziko lonse mndandandawo unali ndi tanthauzo, chifukwa gulu lililonse linali ndi kwawo ndi mbiri yake ya kuzunzidwa, ndipo mu 1980, pa mlandu wa Fullilove, khoti lalikulu la dzikolo linavomereza lamulolo.

Tsoka linadza pamene mndandandawo unakopedwa. Mzinda wa Richmond, m'chigawo cha Virginia, unali likulu la zigawo zimene zinamenya nkhondo poteteza ukapolo. Theka la anthu ake anali akuda, koma pa zaka zisanu zofika mu 1983 makampani awo analandira masenti 67 okha pa madola 100 alionse a makontirakiti aakulu a zomangamanga. Chaka chimenecho khonsolo inalamula kuti kontirakitala aliyense azipereka 30 pa 100 ya ntchito yake kwa makampani a "ochepa", ndipo pofuna kunena kuti ochepawo ndani, inangotenga mndandanda wa ku Washington uja momwe unalili, ndi a Aleut omwe, anthu a pa zilumba za ku Alaska, makilomita zikwi zambiri kuchokera ku Richmond.

Mlandu umene unagwetsa lamuloli unayambira m'chimbudzi. Khonsolo inkafuna kuika zimbudzi ndi zokodzeramo zachitsulo m'ndende ya mzindawo, ntchito ya madola 126,530. Kampani ya J.A. Croson ndi yokhayo imene inapereka mtengo, ndipo inapempha kuti lamulo la 30 pa 100 lisaikhudze. Khonsolo inakana, nkhani inapita kukhoti, ndipo mu Januwale 1989 khoti lalikulu linagamula, oweruza 6 kutsutsana ndi 3, kuti lamulo la Richmond linali losemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Woweruza Sandra Day O'Connor, amene analemba chigamulocho, sanalekerere mndandanda uja. Anati n'kutheka kuti mu Richmond simunakhalepo munthu wa mtundu wa Aleut kapena Eskimo chiyambire, ndipo kuika magulu mwachisawawa chotere kunkasonyeza kuti mwina cholinga sichinali kukonza cholakwa chodziwika. Anaonanso kuti makhansala 5 mwa 9 anali akuda, ndiye kuti "ochepa" ndiwo anali ndi mphamvu m'khonsolomo. Masamu osweka aja anafika pamaso pa khoti. Chigamulo chinati sikokwanira kunena kuti tsankho lilipo m'dziko. Mzinda uyenera kusonyeza tsankho lake lenileni, m'ntchito yakutiyakuti, ndipo uyerekeze makontirakiti ndi chiwerengero cha makampani okhoza kugwira ntchitoyo, osati ndi chiwerengero cha anthu.

Pa nkhani ya mndandanda, woweruzayo ananena zoona, ndipo khonsolo ya Richmond inadzikumbira yokha dzenje ndi ulesi wa kukopa. Koma muyeso wa makampani okhoza uli ndi msampha. Makampani okhozawo ndi ochepa chifukwa cha chingwe chija. Kuwerenga iwo okha kuli ngati kuwerenga mbuzi zimene zafika ku msipu pofuna kudziwa ngati zina zinamangidwa. Woweruza Thurgood Marshall, munthu wakuda woyamba kukhala m'khotilo, anatsutsa chigamulocho mowawidwa mtima, nakumbutsa anzake kuti mzinda umene unali likulu la oteteza ukapolo sunafunikire kuphunzitsidwa kuti tsankho n'chiyani. Mawu ake anali a ochepa, ndipo pano liwulo linkatanthauza chiwerengero chenicheni.

Chaka chomwecho khoti lalikulu la Georgia linathetsa lamulo la Atlanta, ndipo gawo la makampani a anthu akuda linatsika msangamsanga. Mzindawo unalemba ntchito akatswiri awiri a zachuma, a Andrew Brimmer ndi a Ray Marshall, kuti afufuze, ndipo mu 1990 anatulutsa lipoti la masamba oposa 1,000 lofotokoza chimene wokalamba aliyense wa pa Auburn Avenue akanachinena pa mphindi zisanu. Pa maziko a lipotilo khonsolo inalemba lamulo latsopano, a Jackson atabwereranso pampando. Kuyambira pamenepo mizinda yambiri yakhala ikulipira akatswiri kuti aitsimikizire mbiri yake yomwe. Mu 1995, pa mlandu wa Adarand, wokhudza zitsulo zotchinga m'mbali mwa msewu ku Colorado, khoti linaika muyeso wolimba womwewo pa boma lalikulu. A Jackson anamwalira mu Juni 2003, ndipo chaka chomwecho dzina lawo linaonjezedwa pa dzina la bwalo la ndege, kukhala Hartsfield-Jackson.

Zaka zaposachedwa zathamanga. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mwalamulo ofesi ija imene a Nixon anayambitsa. Mu Marichi 2024 woweruza wina ku Texas anagamula kuti ofesiyo izithandiza anthu a mtundu uliwonse, ndipo mu Marichi 2025 Pulezidenti Donald Trump analamula kuti ichepetsedwe kufika pamene lamulo lingalolere. Chaka chomwecho bwalo la ndege lotchedwa ndi dzina la a Jackson linataya madola oposa 30 miliyoni a boma lalikulu pa mkangano wa ndondomeko zoterezi.

Koma kusintha koyenera kuimapo ndi kwa mu Julayi 2023. Bungwe la boma loona za mabizinesi ang'onoang'ono, Small Business Administration, lili ndi ndondomeko yodziwika ndi nambala ya ndime yake, 8(a), yopereka makontirakiti a boma kwa anthu amene anasalidwa. Kwa zaka zambiri munthu wa m'magulu otchulidwa ankangotengedwa kuti ndi wosalidwa popanda kufunsidwa umboni. Khoti la ku Tennessee, pa mlandu wa kampani ya Ultima Services, linaletsa kutero. Bungwelo linauza eni mabizinesi kuti aliyense alembe yekha nkhani ya kusalidwa kwake: zochitika zenizeni, chinachitika n'chiyani, liti, kuti, anachita ndani, n'chifukwa chiyani akukhulupirira kuti chinali tsankho, ndipo chinamupweteka bwanji pa malonda. Mchira uja wa -idwa unabwerera, ndipo funso lake lakuti wosalayo ndani linaikidwa pa mutu wa wosalidwayo. Amisiri a zamagetsi, eni malole ndi opaka pulasitala anakhala pansi kulemba chimangirizo, ena nalemba ntchito maloya kuti awasanjire mawu. Amene anakanidwa ngongole n'kupatsidwa kalata anali ndi deti loti alembe. Amene anangodikira foni zaka khumi analibe tsiku, malo kapena dzina loti adzaze m'mipatamo.

Chigamulocho sichinakhudze makampani amene eni ake ndi mitundu yonse ya eni nthaka, chifukwa malo awo m'ndondomekoyi anakhazikika pa ndime zina za lamulo, osati pa mndandanda wa khungu ndi chiyankhulo. M'gulu limeneli muli makampani amene lamulo la 1971 linakhazikitsa ku Alaska pothetsa nkhani za malo, ndipo imodzi mwa makampaniwo ndi ya anthu a mtundu wa Aleut.